Mmene ndinasalira Ramadhani ndili pa mapiritsi okodzetsa

Linali Lachisanu, pa 15 Novembala, cha m'ma 11 koloko m'mawa, pamene nsapato zanga zinakana kulowa. Ndinali nditasamba, nditavala mkanjo, ndikukonzekera kupita kumzikiti kuno ku Nkaya. Nsapatozo ndinali nazo zaka zitatu ndipo zinali zisanandithinepo. Ndinayesa phazi lamanzere, ndinayesa lamanja, kenako ndinavala masilipasi a kubafa n'kunyamuka. Sindinauze munthu.

Dzina langa ndine Saidi, ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Ndimachita geni. Ndimakagula matemba ndi milamba yowamba kunyanja ya Chiuta n'kudzagulitsa ku Balaka, ndipo nyengo ya nandolo ndimagula nandolo pakhomo. Kwa munthu wa maulendo ngati ine, kutupa mapazi sikunaoneke ngati matenda. Ndinangoti ndi kukhalitsa m'sitima miyendo ili lende.

Patatha sabata ziwiri kutupa kunafika m'mawondo. Dengu la matemba lomwe ndinkalisenza ndekha linayamba kundichititsa befu ndisanayende mapazi makumi awiri. Pogona ndinkabanika, choncho ndinkagona chokhala, nditatsamira khoma. Ndinkatsokomolanso kachifuwa kouma. Achibale ena anati ndaponda mankhwala a anzanga a geni. Sindinakhulupirire, komabe mawu awowo anandipatsa chifukwa chozengerezera.

Amene anathetsa nkhani ndi mkazi wanga, Abiti Jafali. Tsiku lina ndili pakhonde anadina mwendo wanga ndi chala, ndipo atachichotsa panatsala kadzenje. Tinakayang'ana tonse awiri. Sikanabwerere msanga.

"Mwendo wa munthu sutero iyayi," anatero. "Mawa tikupita."

Tinafika kuchipatala chachikulu Lolemba, pa 9 Disembala. Tinakhala pamzere kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa litafika pamutu. Dokotala anandimvetsera pachifuwa ndi kumsana, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kenako ananditumiza kukajambulitsa. Anati ndakhala ndi matenda othamanga magazi kwa zaka zambiri osadziwa, ndipo mtima watopa, sukupopa mokwanira. N'chifukwa chake madzi ankadzadza m'miyendo ndipo anali atayamba kulowa m'mapapo. Anandigoneka tsiku lomwelo.

M'wodi ya abambo ndinakumana ndi namwino amene ndikufuna kumutchula, Mayi Maluwa. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wosazungulira polankhula. Anandiimika pa sikelo: makilogalamu 78. Anandibaya mankhwala okodzetsa kudzera m'mtsempha wa padzanja, kenako anaika jagi ya pulasitiki yokhala ndi mizere pansi pa bedi.

"Bambo, kuyambira pano mkodzo wanu ndi wanga," anatero. "Musataye ngakhale dontho ndisanauone."

Amuna a mabedi oyandikana anaseka. Ine ndinachita manyazi, koma pasanathe theka la ola ndinamvetsa chifukwa chake jagiyo anaiika pafupi.

Moyo wa m'wodi unali ndi ndondomeko yake. M'mawa uliwonse, ndikangotaya madzi, ndisanadye, ankandiimika pa sikelo yomweyo. Ankandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, koyamba ndili chigonere, kachiwiri nditaimirira. Chilichonse chomwe ndamwa, tiyi kaya madzi, Abiti Jafali ankayeza ndi kapu imodzi yomwe namwino anaiika chizindikiro, ndipo zonse zinkalembedwa papepala lopachika kumiyendo kwa bedi: zolowa mbali iyi, zotuluka mbali inayo. Pakapita masiku awiri kapena atatu ankanditenga magazi. Mayi Maluwa anandifotokozera kuti mankhwalawa satulutsa madzi okha. Amatulutsanso mchere wina wa m'magazi wotchedwa potaziyamu, umene mtima umaufuna kuti uzigunda bwino, ndipo akapyola muyezo amatopetsa impso. Ankandidina m'miyendo, ankandiyang'ana lilime, ndipo tsiku lililonse ankafunsa mafunso omwewo: chizungulire chilipo? Minofu ikukokana? Mwagona ndi mapilo angati?

Zambiri zinali kudikira. Kudikira dokotala, kudikira zotsatira za magazi, kudikira nthawi yoti alendo alowe. Koma sikelo inkatsika, 76, 74, 72, ndipo tsiku lachisanu ndinagona chagada mpaka kucha. Anasiya kundibaya n'kundiyambitsa mapiritsi. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinali pa 69, akakolo akuonekanso.

Ponditulutsa Mayi Maluwa anakhala nafe pansi, ine ndi mkazi wanga. Anati piritsi lokodzetsa ndizimwa limodzi m'mawa, lina 2 koloko masana, osati madzulo, kuti ndizigona. Panalinso mapiritsi ena a mtima. Anati mchere tichepetse kwambiri, ndipo Abiti Jafali asiye kuthira soda m'therere langa. Kumapeto kwa kabuku kanga ka kuchipatala analemba nambala 69 n'kuizunguliza. Kenako anajambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere analemba zizindikiro za madzi akachuluka: kutupa, befu, sikelo kukwera makilogalamu awiri m'masiku atatu. Kumanja analemba za madzi akachepa: chizungulire poimirira, kukamwa kuuma, minofu kukokana, mkodzo wochepa ndi wofiirira, sikelo kutsika makilogalamu awiri.

"Mbali zonse ziwiri n'zoopsa," anatero. "Mukaona chimodzi, bwerani, musadikire tsiku la sikelo yanu ya mwezi. Kunyumba muli ndi choyezera?"

Ndinati ndili ndi sikelo yopachika yogulira nandolo.

"Imafika pa handiredi? Basi. Nandolo wake ndinu. Muziyeza nthawi imodzi, zovala zofanana, ndipo muzilemba."

Ndinatero. Ndinapachika sikelo panthambi ya mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kumangirira thumba lolimba pa ngowe yake ngati katungwe. M'mawa uliwonse ndinkakhala m'thumbamo mapazi ali m'mwamba, Abiti Jafali n'kuwerenga muvi. Tsiku loyamba inaonetsa 69, chimodzimodzi ndi ya kuchipatala. Mnansi wanga Che Twaibu anandiona tsiku lina kudzera pampanda.

"Che Saidi, geni yavuta mpaka mwayamba kudzigulitsa pa kilo? Mtengo wake bwanji, mwina ndingagule mwendo umodzi!"

Ndinamuuza kuti mwendo wake anachedwa nawo, unali wonenepa mwezi watha.

Januwale ndi Febuluwale ndinali bwino. Sikelo inkasewera pakati pa 69 ndi 70. Ndinabwerera ku Chiuta, ngakhale madengu ndinasiya kusenza. Mwezi uliwonse ndinkapita kuchipatala, amandiyeza, amawerenga zomwe ndalemba, amandipatsa mapiritsi. Mayi Maluwa ankati kabuku kanga n'kachitsanzo.

Ulendo wa kumapeto kwa Febuluwale ndinapita ndili ndi funso pakamwa. Ramadhani inali itatsala masiku ochepa. Chiyambire kusala ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinali ndisanadumphitsepo tsiku, ngakhale chaka chomwe ndinadwala malungo ndili ku Chiuta. Ndinkafuna kufunsa ngati ndingasale. Sindinafunse. Ndinena zoona: ndinkaopa kuti yankho likhala loti ayi, ndipo ndikalimva ndidzayenera kulimvera.

Ndinakonza njira yangayanga. Popeza masana sindikanameza kanthu, ndinaganiza zomwa mapiritsi onse awiri okodzetsa pamodzi pa dakwi, chakudya chomwe timadya kusanache. Ndinadziuza kuti sindikudumpha mankhwala, ndangosintha nthawi. Zinamveka zanzeru. Chomwe chinkachitika n'chakuti m'mawa wonse ndinkataya madzi ngati mpopi, kenako n'kukhala tsiku lonse m'kutentha kwa Malichi popanda dontho lolowa mpaka dzuwa kulowa.

Kuyeza sindinasiye. Tsiku lachitatu sikelo inaonetsa 68. Tsiku lachisanu 67. Lachisanu ndi chiwiri 66.

"Mukupungukatu," anatero Abiti Jafali akuyang'ana muvi. "Aja sanati ikatsika tipite?"

Ndinamuyankha kuti ntchito ya mankhwalawa ndi yomweyo, kutsitsa. M'mutu mwanga munali mutakhazikika zoti mdani ndi madzi, ndipo sikelo ikatsika ndiye kuti ndikupambana. Tsamba lija ndinkalitsegula, koma maso ankathera kumanzere. Kukamwa kunkauma, ndinati ndi kusala. Akatumba a miyendo ankakokana mpaka ndinkaluma mano, ndinati ndi kuimirira nthawi yaitali pa swala. Ndikadzuka pampando ndinkayamba ndagwira khoma. Mkodzo wa masana unali wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Nthawi zina mtima unkadumpha ngati nsomba yomwe yangotuluka m'madzi. Zonsezi zinali zolembedwa kumanja kwa mzere uja.

Tsiku lachisanu ndi chinayi la kusala sikelo inaonetsa 65. Ndinalemba bwinobwino. Madzulo ake, pa swala ya cha m'ma 4 koloko, ndinagwada n'kugunditsa chipumi pansi, ndipo poti ndiimirire m'maso munada bii. Akuti ndinagwera Che Twaibu amene anali kumanja kwanga. Nditatsitsimuka ndinali pakhonde la mzikiti, wina akundikupiza ndi chisoti, wina atandiikira kapu ya madzi pamlomo. Ndinakukuta mano. Kunali kutatsala maola awiri okha kuti timasule.

"Imwani, achimwene, mufa!" anakuwa Che Twaibu.

Sindinamwe. Anandikweza galimoto ya munthu wina wopita ku Balaka, Abiti Jafali atanyamula kabuku kanga.

Amene anatilandira m'wodi anali Mayi Maluwa omwe aja. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi ndili chigonere. Atandikhazika tsonga kuti ayezenso, kunatsika kwambiri moti anandigonekanso nthawi yomweyo. Anatsina khungu la pamkono wanga, ndipo linachedwa kubwerera. Anandiuza kuti nditulutse lilime. Kenako anatsegula kabuku n'kuwerenga manambala anga imodziimodzi. Anafunsa kuti mapiritsi ndimamwa nthawi yanji, ndipo ndinaulula zonse.

"Mwalemba bwino zedi, bambo," anatero. "Osadumpha tsiku. Munthu kumalemba yekha mmene akuumira, n'kumasangalala."

Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Pamene ankandiika dilipi ndinafunsa ngati madzi olowa m'mtsempha amaononga kusala.

"Za kusala mukafunse ashehe anu," anayankha akumata pulasitala. "Ine ndimadziwa za impso. Ndipo impso zanu zili paludzu."

Magazi anatsimikiza zomwe ananena. Dokotala anati impso zayamba kuvutika chifukwa chosowa madzi, ndipo potaziyamu watsika kufika poti mtima ukanatha kusokonekera kagundidwe kake. Anati tikanachedwa masiku ena awiri nkhani ikanakhala ina. Anaimitsa mapiritsi okodzetsa ndi ena a mtima kwa kanthawi, n'kundipatsa mankhwala obwezeretsa potaziyamu.

Ulendo uno ntchito ya anamwino inali yovuta kuposa poyamba. Thupi linkafuna madzi, koma mtima wofooka sukanapirira madzi ambiri nthawi imodzi. Dilipi ankaitsegula pang'ono kwambiri, ndipo Mayi Maluwa ankaima n'kumawerenga madontho akuyang'ana wotchi. Pakapita maola ochepa iwo kapena anzawo ankabwera kudzamvetsera kumsana kwanga ngati madzi ayamba kulowa m'mapapo. Jagi ija inabwerera pansi pa bedi. Tsiku loyamba mkodzo sunafike ngakhale pa mzere wachitatu, ndipo ndinaona mmene namwino anauyang'anira asanalembe. Anandiletsa kudzuka ndekha. Ndikafuna kuimirira ndinkayamba ndakhala m'mphepete mwa bedi miyendo ili lende, n'kuwerenga mpaka makumi atatu.

Tsiku lachiwiri jagi inayamba kudzadza ndipo mtundu unayera. Tsiku lachitatu anachotsa dilipi. Tsiku lachinayi magazi anaonetsa kuti impso zikubwerera, sikelo inali pa 68 ndi theka, ndipo anandiyambitsanso piritsi limodzi lokha la m'mawa. Anandisunga masiku ena awiri kuti aone mmene thupi liyankhire.

Masiku onsewo ndinkadya masana, koma ndinkadya nditayang'ana kukhoma. Ponditulutsa ndinafunsa funso lomwe ndinkayenera kufunsa mu Febuluwale. Dokotala anati chaka chino ayi, ndipo mwina ndi zaka zikubwerazi, koma chaka chilichonse ndizibwera mwezi usanayambe kuti andiyeze tikambirane. Ndinavomera ndi mutu. Koma m'galimoto pobwerera ndinkawerenga masiku otsala. Anali pafupifupi sabata ziwiri. Ndinadziuza kuti tsopano piritsi ndi limodzi, ndipo ndikamamwa madzi ambiri pa dakwi palibe chingachitike. Ndinali nditatsimikiza zoyambiranso m'mawa mwake.

Abiti Jafali amandidziwa. Titangofika anatumiza uthenga kwa Shehe Yusufu. Shehewo ndi ine tinakulira limodzi, tinalowa jando chaka chimodzi, choncho amandilankhula mosaopa. Anabwera dzuwa litapendeka, anakhala pampando pansi pa mango, n'kuyang'ana sikelo ndi thumba lija.

"Ndiye ndi pano pomwe mumadzipachika?" anafunsa. "Che Saidi, ndifunse. Inu ndi Amene anakulengani, wodziwa kwambiri za thupi lanu ndani?"

Ndinati funso limenelo silifuna yankho.

"Nanga Iye atakupatsani chilolezo, inu mukukana ngati ndani? Wodwala analoledwa kumasula. Akachira amabweza masiku. Ngati matenda ndi okhalitsa, amadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse lomwe sanasale. Izi munaziphunzira tili limodzi pamphasa imodzi, kapena tsiku limenelo munali kuthamangitsa mbewa?"

Ndinati zaka makumi anayi sindinadumphepo, ndipo anthu adzati chiyani akandiona ndikumwa madzi masana.

"Aa, ndiye mwatchula," anatero. "Anthu. Ine ndimayesa mumasalira Mulungu. Anthu omwewo ndi amene anakunyamulani pakhonde la mzikiti, ndipo sakufuna kudzakunyamulaninso ulendo wa kumanda. Mpunga m'nyumbamu ulipo. Kuseri kwa njanji kuli nkhalamba zosowa chomasulira. Yambani mawa."

Atapita ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndinatsegula kabuku n'kuwerenga mbali ya kumanja ya tsamba lija, mzere uliwonse, kwa nthawi yoyamba ndi mtima wonse.

Pamene ndikulemba izi ndili bwino. Sikelo ili pa 69, nthawi zina 70. Nsapato zija ndimavala. Ndimapitabe ku Chiuta, ndipo tsiku la ulendo sindidumpha piritsi. Ndimamwa m'mamawa n'kudikira kuti mphamvu yake iyambe yachepa ndisanakwere. Miyezi itatu iliyonse amanditenga magazi, ndipo impso zinabwerera m'malo mwake. Matendawa sadzatha, koma ndaona kuti munthu akhoza kukhala nawo n'kumagwira ntchito zake.

Kwa anzanga ndinena zochepa. Mukaona mapazi akutupa, chala chikusiya kadzenje, kapena mukubanika pogona, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ine ndinataya masabata atatu, ndipo madzi anafika m'mapapo. Mukapatsidwa mapiritsi okodzetsa, musasinthe nthawi kapena kuchuluka kwake panokha, ngakhale chifukwa chanu chikhale chabwino chotani. Muziyeza thupi, koma kulemba kokha sikuchiritsa. Nambala ikasuntha, kukwera kaya kutsika, ikaonetseni kwa namwino. Ndipo ngati mumasala, kaya ndinu Msilamu kaya Mkhristu, funsani mwezi usanafike. Ena amaloledwa atawasinthira mankhwala, ena saloledwa. Funso lomwe mukuopa yankho lake ndi limene muyenera kuyamba kufunsa.

Anthu akandifunsa kuti ndinachira liti, sinditchula tsiku lomwe ananditulutsa m'chipatala. Ndimatchula m'mawa wotsatira, Shehe Yusufu atabwera. Pa dakwi sindinadzuke. Kutacha ndinakhala m'thumba, Abiti Jafali anawerenga 69, ndinalemba. Ndinayeza mpunga m'mbale, ndinaikapo matemba, n'kuuika padera kuti ndikapereke kuseri kwa njanji. Kenako ndinatenga piritsi langa ndi kapu yodzadza madzi. Ndinafuna kulowa nayo m'chipinda, koma ndinabwerera n'kukhala pakhonde, dzuwa litakwera kale. Che Twaibu ankadutsa pamsewu. Anaima, anayang'ana kapu, anandiyang'ana ine.

"Malizani yonse, Che Saidi," anatero. "Phewa langa likupwetekabe."

Ndinatchula dzina la Mulungu, ndinameza piritsi, ndipo ndinamwa madziwo mpaka kapu inauma.